Thandizo Loyamba kwa Galu ndi Mphaka Wovulala Kapena Wodwala Mwadzidzidzi

Midzi yambiri m'Malawi muno ili ndi agalu, ndipo mabanja osunga chimanga m'nkhokwe adziwa bwino ubwino wa mphaka. Galu amalonda pakhomo usiku, amapirikitsa anyani ndi nguluwe kumunda, naperekeza alenje ku uzimba. Mphaka nayenso amateteza dzinthu kwa makoswe. Ngakhale zili chomwecho, ziweto ziwirizi ndizo zimanyozedwa msanga zikagwa m'tsoka. Ng'ombe ikadwala mwini wake sagona tulo, pakuti ng'ombe ndi chuma, koma galu akagundidwa ndi galimoto, kapena akabwera kuchokera kutchire waya atam'cheka mwendo, akulu ambiri amangoti, "Adzinyambita yekha, achira." Otsala naye pafupi ndi ana, amene amam'patsa mkute, nam'tcha dzina, nasewera naye tsiku ndi tsiku.

Apa ndipo pagona nkhani kwa mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale. Mlangizi wa ziweto kawirikawiri amakhala kutali, ndipo ora loyamba la ngozi, limene moyo wa chiweto umapulumukira kapena kutayikira, limakhala m'manja mwa mwana wa sukulu. Mwana wachifundo koma wosaphunzitsidwa amachita chimodzi mwa zoopsa ziwiri: amakumbatira galu womva ululu nalumidwa, kapena amam'mwetsa zinthu zofulumiza imfa yake. Tsono thandizo loyamba lili ndi mbali zitatu, ndipo zimatsatana motere: wothandiza adziteteze yekha, aletse vuto kukula, ndipo afikitse chiweto kwa odziwa ntchitoyo. Kuchiza kwenikweni ndi kwa dotolo wa ziweto.

Funso loyamba: kodi si chiwewe?

Munthu asanakhudze galu wooneka wodwala, ayambe wadzifunsa kuti: "Kodi chimene cham'vuta galuyu chaoneka ndi maso, kapena wangosintha popanda chifukwa chodziwika?" Funsoli lili patsogolo pa ena onse chifukwa cha nthenda ya chiwewe.

Chiwewe chimadza ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi pa bala la mano, pa chilonda chonyambitidwa, kapena m'maso ndi m'kamwa, ndipo kamayenda pang'onopang'ono m'minyewa kufikira ku ubongo. Mwa munthu ulendowo umatenga miyezi 2 kapena 3, koma mwina sabata imodzi yokha, mwinanso chaka. Zizindikiro zikaoneka palibenso mankhwala ochiritsa. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse pa dziko lonse, kuti pafupifupi 99 mwa 100 a iwo amachitenga kwa agalu, ndi kuti 4 mwa 10 ndi ana osafika zaka 15. Ku Blantyre, madotolo a pa chipatala cha Queen Elizabeth anafalitsa m'chaka cha 2007 zimene anapeza atafufuza imfa za ana: mwa ana 26 amene anamwalira akuyesedwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo, 3 anali ataphedwa ndi chiwewe.

Nthendayi imaoneka mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi imene anthu amaidziwa ndi dzina lakuti galu wamisala: amayendayenda osapuma, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse chodutsa, ndipo kauwidwe kake kamasintha. Yachiwiri ndiyo yonyenga. Galu amafatsa, amabisala pamdima, chibwano chimagwa lende, dovu limachucha, ndipo amalephera kumeza monga ngati fupa lam'tsamwa. Munthu akhoza kutenga chiwewe polowetsa dzanja m'kamwa mwa galu wotere kufuna kuchotsa fupa limene mulibe. Komanso kuopa madzi ndi chizindikiro cha munthu wodwala chiwewe. Galu wachiwewe akhoza kuyandikira madzi osaopa, kotero kumuona akuyesa kumwa si umboni wakuti ali bwino.

Lamulo lake tsono ndi ili: galu kapena mphaka wosadziwika mwini wake, kapena wa pakhomo amene wasintha khalidwe popanda chifukwa, mwana asam'khudze konse. Atalikire, aitane akulu, ndipo akuluwo am'tsekere ngati nkotheka kutero popanda kum'gwira, nauze mlangizi wa ziweto. Galu amene waluma munthu amatsekeredwa masiku 10. Akakhalabe wa moyo ndi wolimba, malovu ake analibe kachiromboko pa tsiku lija. Akafa kapena akaphedwa, mutu wake usaphwanyidwe, chifukwa ubongo wake ndiwo umapimidwa kuti choonadi chidziwike.

Wolumidwa kapena wokandidwa asadikire masiku 10 aja. Bala litsukidwe msangamsanga ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15, lisathiridwe tsabola, phulusa kapena mankhwala a zitsamba, ndipo wolumidwayo apite ku chipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, namalize majekeseni onse amene auzidwe. Galu wa pakhomo akalumidwa ndi galu wachilendo kapena nkhandwe, wom'tsuka avale mapepala a pulasitiki m'manja, pakuti malovu a woluma uja amatsalira pa ubweya. Kenaka galuyo atsekeredwe kufikira mlangizi ataweruza.

Kupenya chiweto ndi kunena zimene zaoneka

Ngoziyo ikakhala yodziwika, monga kugundidwa, kupsa, kapena kukodwa mu msampha, ntchito yotsatira ndi kupenya. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphindi imodzi yoyang'anitsitsa imaposa mphindi 10 zothamangathamanga.

Galu wabwino akamapumula amapuma ka 10 kufikira ka 30 pa mphindi imodzi. Mtima wake umagunda ka 60 kufikira ka 140, wa galu wamkulu pang'onopang'ono, wa galu wamng'ono mofulumira. Wa mphaka umagunda ka 140 kufikira ka 220. Kugundaku kumamveka poika chikhato pa chifuwa kuseri kwa chigongono cha mwendo wakumanzere, kapena poika zala mkati mwa ntchafu ya mwendo wakumbuyo. Thupi la galu ndi la mphaka ndi lofunda kuposa la munthu, madigiri 38 kufikira 39, kotero kufunda pang'ono sikutanthauza nthenda. Nkhama za chiweto chabwino zimakhala zofiirira ndi zonyowa, ndipo zikasindikizidwa ndi chala zimayera ndi kubwerera mtundu wake masekondi 2 asanathe. Nkhama zotumbuluka zimasonyeza kuchepa kwa magazi, zobiriwira zimasonyeza kusowa mpweya, ndipo zachikasu zimasonyeza vuto la chiwindi kapena kuonongeka kwa magazi. Khungu la pamsana likatsinidwa nkutsala chiimire osabwerera, m'thupi mwatha madzi. Kuyang'ana nkhamaku achite ndi mwini wake wa chiweto, pa chiweto chodziwika ndi chotemeredwa.

Chichewa chili ndi mawu okwanira onenera zonsezi, ndipo wodziwa kuwasiyanitsa amathandiza mlangizi ngakhale pa lamya. Kutsimphina ndi kwa mwendo wopweteka, pamene kudzandira ndi kwa mutu kapena chiphe. Kuwefuka ndi kupuma kofulumira kwa galu wotopa kapena womva kutentha, pamene kubanika ndi kulephera kukoka mpweya. Dovu limachucha, thovu limatutuma. Kunjenjemera ndi kwa chiweto chimene chikudziwa za pafupi nacho, pamene kuphupha ndi kwa chimene sichikudziwanso kanthu. Mawu akuti "galu wadwala" sanena zambiri. Koma akuti "wagona thapsa, nkhama zili mbuu, magazi ali chuchuchu pa mwendo wakutsogolo" amauza mlangizi mankhwala oyenera kunyamula asananyamuke.

Kugwira ndi kunyamula

Ululu umachititsa galu wofatsa kuluma mbuye wake. Wothandiza afike mofatsa kuchokera m'mbali, akum'tchula dzina ndi mawu otsika, osam'yang'anitsa m'maso, ndipo khamu la ana litalikire. Pakamwa pamangidwe ndi kansalu kotalika ngati mita imodzi: kazengedwe pa mphuno, kamangidwe pansi pa chibwano, ndipo nsonga zake zimangidwe kuseri kwa makutu. Galu amene ali kusanza, kubanika, kapena kuwefuka ndi kutentha asamangidwe pakamwa, kuopa kuti angatsamwe. Wotereyo afunditsidwe bulangete pa thupi kuti agwirike. Mphaka akulungidwe m'nsalu yochindikala, miyendo yonse ili mkati, naikidwe m'katoni yoboola kapena m'dengu lovundikira.

Galu wolephera kuimirira asanyamulidwe pogwira miyendo kapena khungu la pakhosi. Akokeredwe pang'onopang'ono pa chiguduli, ndipo anthu awiri agwire ngodya zake. Ngati miyendo yakumbuyo yafa, mwina msana wathyoka. Pamenepo agonekedwe pa thabwa namangidwe ndi nsalu kuti msanawo usapindike. Pa ulendo afunditsidwe, ndipo asapatsidwe chakudya, chifukwa mwina dotolo adzafuna kum'goneka tulo, ndipo m'mimba modzaza mumabweretsa kusanza kotsamwitsa.

Mabala, mafupa ndi moto

Galu wolemera makilogalamu 15 ali ndi magazi opitirira pang'ono lita imodzi, ndipo akataya okwana makapu 2 moyo wake uli pangozi. Mphaka wa makilogalamu 3 magazi ake onse sadzaza kapu imodzi. Nchifukwa chake kuletsa magazi kumayamba zisanachitike zina. Nsalu yoyera ipindidwe, iikidwe pa bala, ndi kusindikizidwa kolimba kwa mphindi 10 osaitukula kuti aone. Magazi akabzola, nsalu ina iwonjezedwe pamwamba pa yoyambayo. Kumanga mwendo ndi mphira kapena chingwe kumapha mwendowo, ndipo kuloledwa pokhapo pamene magazi ali kuthovoka ndipo kusindikiza kwalephera.

Bala losatuluka magazi ambiri litsukidwe ndi madzi owiritsa ndi kuziziritsa, othira mchere wodzaza supuni yaing'ono imodzi mu theka la lita. Ubweya wa m'mbali umetedwe, ndipo bala liphimbidwe kuti ntchentche zisaikiremo mphutsi. Oyilo wakuda wa galimoto, parafini, ndowe ndi dothi, zimene ena amapaka pa zilonda, zimapsereza mnofu ndi kulowetsa matenda, ndipo chiweto chikazinyambita zimachidwalitsa m'mimba. Bala lalikulu limasokeka bwino likafika kwa dotolo m'maora ochepa oyamba. Bala la mano a galu mnzake, a nyani kapena a nguluwe limaoneka laling'ono kunja, koma mkati mnofu umakhala utang'ambika, ndipo limatukusira pakapita masiku 2 kapena 3 ngati silinaonedwe.

Waya wa khwekhwe usakokedwe, koma udulidwe ndi pulayala. Mpaliro, kamtengo kapena minga ya nungu yolowa mozama zisazulidwe pakhomo, makamaka za pa chifuwa, pamimba ndi pafupi ndi diso, pakuti chinthucho mwina ndicho chatseka mtsempha wong'ambika. Mwendo wothyoka usaongoledwe. Chiweto chingogonekedwa malo opanikiza kuti chisayendeyende, ndipo fupa likatulukira kunja liphimbidwe ndi nsalu yoyera yonyowa. Galu wogundidwa ndi galimoto akhoza kudzuka nkumayenda monga wabwino pamene magazi ali kutayikira m'mimba kapena m'chifuwa. Nkhama zake ndi kapumidwe kake zipenyedwe kawirikawiri kwa masiku 2.

Chiweto chopsa ndi phala, madzi owira kapena makala a pa mbaula chithiridwe madzi ozizira pa malo opsawo kwa mphindi 20, ndipo paphimbidwe ndi nsalu yoyera yonyowa. Mafuta, dzira ndi mankhwala otsukira mano zisapakidwepo. Ubweya umabisa kukula kwa chilonda cha moto, kotero chimene chaoneka tsiku loyamba sichikhala chonse.

Chiphe

Agalu ndi amphaka ambiri amafa ndi mankhwala ophera makoswe ndi tizirombo. Amene anthu amawatcha tameki, ndiwo Temik, timibulu takuda timene ena amathira mu nsima kapena nyama, amagwira thupi m'mphindi zochepa. Chiweto chimachucha dovu ndi misozi, chimasanza, chimatsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, timwana ta m'maso timachepa, ndipo chimabanika. Mankhwala osambitsira ng'ombe ku dibi ndi ena opopera m'munda amachitanso zofanana ndi zimenezi. Dotolo ali ndi jekeseni wa atropine wolimbana ndi chiphe cha mtunduwu, koma amathandiza akabayidwa msanga. Zizindikirozi zimafanana ndi za chiwewe. Kusiyana kwake nkwakuti chiphe chimagwetsa mwadzidzidzi chiweto chimene chinali bwino ora lapitalo, ndipo kawirikawiri nyambo yake imapezeka pafupi. Pamene pali chikayiko, chiweto chiyesedwe chachiwewe ndipo manja asafike pakamwa pake.

Pali mankhwala ena a makoswe amene amaletsa magazi kuundana. Chiweto chikawadya chimaoneka bwino kwa masiku 3 kufikira 5, kenaka chimalefuka, nkhama zimatumbuluka, ndipo magazi amatuluka m'mphuno, mu mkodzo kapena m'chimbudzi. Mankhwala ake ndi vitamini K1, operekedwa kwa masabata angapo. Choncho chiweto chooneka chikudya nyambo chipite kwa dotolo tsiku lomwelo ngakhale chili kusewera. Mphaka akhozanso kudwala podya khoswe wofa ndi chiphe.

Pakhomo zoyenera kuchita ndi zochepa. Nyambo yotsala ichotsedwe kuti ana, nkhuku ndi ziweto zina zisaifike. Chiphe cha pa khungu chitsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, wotsukayo atavala mapepala a pulasitiki m'manja. Botolo kapena pepala la mankhwalawo lipite limodzi ndi chiweto. Mkaka, mafuta ophikira ndi mazira sizipha chiphe, ndipo kuzithira m'kamwa mwa chiweto cholefuka kumazilowetsa m'mapapo. Kusanzitsa ndi mchere wambiri ndi chiphe china pachokha. Chiweto chimene chamwa parafini, petulo kapena asidi wa m'batire chisasanzitsidwe konse, chifukwa zinthuzi zimaononga potuluka monga zinaonongera polowa. Makala a mankhwala amene dotolo amamwetsa kuti agwire chiphe m'matumbo ndi okonzedwa mwapadera. Makala a pa mbaula sagwira ntchito imeneyo.

Mankhwala a anthu nawonso ayenera kuwerengedwa pamodzi ndi chiphe. Panado amapha mphaka, ngakhale m'bulu umodzi, pakuti chiwindi cha mphaka sichitha kuwasungunula monga chimachitira cha munthu. Nkhope imatupa, nkhama zimada, ndipo magazi amalephera kunyamula mpweya. Brufen amabweretsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kuononga impso zake. Mankhwala ena ophera nthata ndi nkhupakupa pa agalu amaphuphitsa mphaka. Safunsa anadya phula: mankhwala alionse ayambe afunsidwa kwa mlangizi.

Njoka

Galu amalumidwa ndi njoka kumaso, pakhosi ndi pa miyendo yakutsogolo, chifukwa ndiko amafikira nako. Mphiri imatupitsa kwambiri ndi kuoletsa mnofu, ndipo kutupa kwa pakhosi kukhoza kutseka njira ya mpweya; lamba wa m'khosi avulidwe msanga. Njoka zina, monga mbobo, zimafooketsa minofu yopumira, ndipo zimapha m'maora ochepa ngakhale palibe kutupa kwenikweni. Chiweto chinyamulidwe, chisayendetsedwe, pakuti kuyenda kumafalitsa ululu wa njoka m'thupi. Pa bala pasatemedwe mphini, pasayamwidwe, ndipo mwendo usamangidwe. Njoka yolavula ikalavulira galu m'maso, masowo atsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Ana asatumidwe kukasaka njokayo. Kunena mtundu ndi kukula kwake nkokwanira.

Matenda osadikira mawa

Ana agalu osatemeredwa amagwidwa ndi nthenda ya parvo, imene inadziwika koyamba m'chaka cha 1978. Kagalu kamaleka kudya, kamasanza, ndipo kamatsekula m'mimba mwa magazi onunkha kwambiri. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Ambiri olandira diripi amachira, ndipo ambiri osalandira amafa. Kodwalako kapatulidwe kwa anzake, ndipo pogona pake patsukidwe ndi Jik wosungunula, muyeso umodzi m'miyeso 30 ya madzi, pakuti kachirombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri.

Nkhupakupa zimapatsa galu nthenda yoononga magazi: thupi limatentha, nkhama zimatumbuluka kapena kuchita chikasu, ndipo mkodzo umafiira. Jekeseni wake alipo, ndipo amathandiza magazi asanathe.

M'mwezi wa October, makamaka ku chigwa cha Shire kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, galu womangidwa pa dzuwa popanda madzi amakomoka. Galu satuluka thukuta pa thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa ndi kuwefuka. Wotereyo aikidwe pa mthunzi, athiridwe madzi ozizira thupi lonse, akupizidwe, ndipo apatsidwe madzi akumwa pang'onopang'ono ngati ali maso. Kuziziritsa kuyambe ulendo wa kwa dotolo usanayambike.

Bere la galu ndi la mphaka limatenga masiku pafupifupi 63. Wamkazi akalimbikira kukankha kwa mphindi 30 mwana osatuluka, kapena pakapita maora oposa 2 chibadwire mwana wina pamene ena akali m'mimba, thandizo lifunidwe msanga. Mphaka wamwamuna amene akhalira kunjuta osatulutsa mkodzo ali ndi njira yotsekeka, ndipo amafa m'masiku 2 kapena 3 ngati sinatsekulidwe.

Kumene thandizo limapezeka

Boma lili ndi nthambi yoona za umoyo wa ziweto pansi pa Unduna wa Zamalimidwe, ndipo alangizi ake, amene anthu amawatcha a vetenale, amapezeka ku maofesi a zaulimi a m'madera ndi a pa boma. Ku Lilongwe kuli nyumba yaikulu yopimira matenda a ziweto, ndiponso bungwe la LSPCA limene lili ndi chipatala cha ziweto. Ku Blantyre kuli bungwe la BSPCA. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR imaphunzitsa madotolo a ziweto m'dziko momwe muno. Kumeneko chiweto chimalandira zimene pakhomo sizingatheke: jekeseni woletsa ululu, madzi a m'mitsempha, kusokedwa chili m'tulo, ndi mankhwala olimbana ndi chiphe. Wopita nacho anene chimene chachitika, ora lake, zimene chapatsidwa kale, ndi tsiku limene chinatemeredwa.

Pali ngozi zina zosachiritsika, monga msana woduka. Pamenepo dotolo amabaya jekeseni wogonetsa chiweto osadzukanso, popanda ululu. Kuponya galu miyala, kum'mangirira pa mtengo, kapena kum'taya kutchire kuti afe yekha ndi nkhanza, ndipo ana oonerera amaphunzirapo kuuma mtima.

Ntchito ya mphunzitsi

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mphunzitsi akafika pa sukulu yatsopano afunse dzina la mlangizi wa ziweto wa m'deralo, kumene amakhala ndi nambala ya lamya yake, ndiponso chipatala chapafupi chimene chimasunga katemera wa chiwewe. Zonsezi azilembe pa khoma la kalasi.

Phunziroli limalowa bwino m'maphunziro amene alipo kale. Pa phunziro la Chichewa ana asonkhanitse kwa makolo awo mawu onena za kudwala kwa ziweto, maina a agalu ndi matanthauzo ake, ndi miyambi monga wakuti galu wamkota sakandira pachabe, nafotokoze m'ziganizo zitatu zokha ngozi imene anaiona. Pa masamu awerenge kugunda kwa mtima kwa masekondi 15 nachulukitse ka 4. Awerengenso agalu a m'mudzi mwawo napeze 70 mwa 100 alionse, pakuti chimenecho ndicho chiwerengero cha agalu oyenera kutemeredwa kuti chiwewe chileke kufala. M'mudzi wa agalu 40, ndiye kuti agalu 28. Kumanga pakamwa, kusindikiza bala ndi kunyamula pa chiguduli kuphunzitsidwe pa galu woumba ndi nsanza, osati pa galu wamoyo. Kutsuka bala kwa mphindi 15 kuyesedwe ndi wotchi pa bwalo, chifukwa ana ambiri, ndi akulu omwe, amaleka mphindi imodzi isanathe.

Tsiku la 28 September, limene dziko lonse lakhala likukumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe kuyambira chaka cha 2007, ndi loyenera sewero kapena msonkhano wa makolo. Ndi tsiku limene Louis Pasteur wa ku France anamwalira m'chaka cha 1895. Iye ndiye anapulumutsa ndi katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, wolumidwa ndi galu wachiwewe m'chaka cha 1885. Kuno kwathu, m'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma linatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha a ntchito, ndipo linalowanso m'masukulu kuphunzitsa ana. Maiko anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Zinthu zimene mwana wa Sitandade 4 angathe kuzisunga pamtima ndi zisanu: galu wachilendo kapena wosintha khalidwe asam'khudze, akalumidwa atsuke ndi sopo nauze akulu tsiku lomwelo, pa bala lotuluka magazi asindikize nsalu, chiweto chodwala asachimwetse kanthu kosauzidwa ndi mlangizi, ndipo galu ndi mphaka wa kwawo azipita nawo ku katemera chaka ndi chaka. Kwa makolo mphunzitsi akumbutse kuti walira mvula walira matope: wofuna mlonda wa pakhomo walandiranso udindo wom'dyetsa, wom'temeretsa, ndi wom'nyamula kupita naye kwa mlangizi pa tsiku la tsoka.